Momwe mungakonzekere mapulagi ndi adaputa musanapite kunja

Ku Malawi kuno timagwiritsa ntchito pulagi ya mano atatu amakona, yotchedwa mtundu G, ndipo magetsi athu ndi a 230V. Pulagi yomweyi imalowa bwinobwino ku Britain, ku Kenya ndi ku Dubai. Koma mukangodutsa pa Mwanza kulowa Mozambique, kapena kutsika basi ku Johannesburg, tchaja yanu isowa polowa.

Yambani ndi kufufuza soketi ya kumene mukupita. Ku South Africa nyumba zambiri zili ndi mtundu M, wa mabowo atatu ozungulira akuluakulu, pomwe zomangidwa posachedwa zikuika mtundu N, wa timabowo ting'onoting'ono. Ku Mozambique, ku Portugal ndi ku Germany mupezako C ndi F, ya mano awiri ozungulira. Ku America ndi ku Canada ndi A ndi B, ya mano ophwatalala. Opita ku South Africa samalani: maadaputa ambiri amene amati ndi a dziko lililonse alibe mbali ya M, choncho gulani yakeyake.

Kenako tembenuzani tchaja muwerenge timalemba tili kumbuyo kwake. Apa ndi pamene anthu ambiri amaonongera katundu, chifukwa adaputa imangosintha kaonekedwe ka mano basi, mphamvu ya magetsi siyikhudza. Ngati palembedwa INPUT 100-240V, 50/60Hz, monga zilili ndi matchaja ambiri a foni ndi laputopu, adaputa yokha yakwana. Ngati palembedwa 220-240V pokha, chinthucho ku America, kumene magetsi ndi a 120V, chidzagwira mofooka: ketulo imatentha ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu yake, madzi osawira msanga.

Choopsa kwambiri ndi katundu wochokera ku America kubwera kuno. Choumitsira tsitsi kapena makina ometera a 120V mukawalumikiza pa 230V amapsa nthawi yomweyo, utsi kobo. Zoterezi zimafuna thiransifoma yotsitsa magetsi, ndipo mawati ake akhale oposa a chipangizocho. Kunena zoona, pa zinthu zotenthetsa thiransifoma yake imakhala yolemera ndi yodula, bola kungogula china kuno.

Onaninso nambala ya maampeya yolembedwa pa adaputa, ija imatha ndi chilembo A, yosonyeza kuchuluka kwa magetsi amene ingadutsitse. Kumene magetsi ndi a 230V, ichulukitseni ndi 230 kuti mudziwe mawati (W) amene ingapirire: ya 10A ndi 2300W, ya 13A ndi pafupifupi 3000W. Simbi kapena ketulo ya 2000W pa kaadaputa ka 6A imatenthetsa zitsulo zam'kati mpaka pulasitiki kusungunuka. Adaputa ikamagwedera mu soketi, kapena ikamatulutsa kafungo kopserera, itayeni.

Ngati muli ndi zinthu zambiri zotchaja, tengani ekisitenshoni imodzi ya kuno ndi adaputa imodzi yolimba ya mano atatu, m'malo mogula maadaputa asanu.

Chizolowezi chopisa kiyi kapena cholembera m'bowo la pamwamba pa soketi kuti pulagi ya mano awiri ilowe chisiyeni. Kachitseko kam'katimo adakaika kuti kateteze ana, ndipo mano ozungulira amakulitsa zogwirira za soketi, zikamasuka n'kumathetheka moto.

Mukabwera ndi firiji kapena mayikurowevu kuchokera ku South Africa, musaisiye pa adaputa chaka chonse. Izuleni pakhoma, dulani pulagi ya M ija, muike ya G. Waya wa bulauni apite pa L, pamene pali fyuzi. Wabuluu pa N. Wobiriwira wosakanikirana ndi chikasu pa E, dzino lalitali lapamwamba lija. Mangani masikuluwu zolimba, kasatsale kachingwe ka kopa koonekera, ndipo chopanira chigwire chikopa chakunja cha waya. Fyuzi ya 3A ndi ya zinthu zosapitirira 700W monga nyali ndi wailesi, pomwe ketulo, simbi, mayikurowevu ndi firiji zimafuna ya 13A.