Chakudya cha ng'ombe cha mu Okutobala chimakonzedwa mu Malichi

Ikangofika Okutobala foni yanga siipuma. Wina akufunsa jakisoni woti ng'ombe inenepe, wina akuti yagwa m'khola ikukanika kudzuka mwina anthu aiponyera zinthu, winanso akufuna ndimupezere butchala msanga isanafe yokha. Ukapita kukaona umapeza nthiti zikuwerengeka uli pa msewu, ndowe zake zouma gwa ngati za mbuzi. Njala imeneyo achimwene. Ndiye ndati ndilembe m'mene ine ndimayendetsera busa langa kuno ku Santhe, pa malo amene bambo ankalimapo fodya kale, mwina wina atolapo kanthu.

Poyamba penipeni werengani. Ambirife chiwerengero cha ng'ombe timachidziwa pamtima koma funsani kuti zimadya zochuluka bwanji, zii. Ng'ombe yathu ya zebu ya makilo 250 imafuna chakudya chouma pafupifupi makilo 6 kapena 7 pa tsiku, ndikunena chouma osati udzu wauwisi umene mbali yaikulu ndi madzi. Kuchokera Juni mpaka Novembala ndi masiku ngati 180, ndiye ng'ombe imodzi yokha ikufuna chakudya choposa tani imodzi kuti iwoloke chilimwe. Muli nazo 20? Matani opitirira 20 amenewo. Sikuti zonsezo mudula ndi manja ayi, zambiri zikadya zokha kudambo ndi m'minda, koma nambala imeneyi izikhala m'mutu mukamayang'ana malo anu. Ine ndimasunga zoti ndizipatsa makilo 4 pa ng'ombe iliyonse kwa masiku 90 ovutitsitsa aja, Seputembala mpaka mvula itakhazikika, ndiye kuti makilo 360 pa mutu.

Tsopano za kadyetsedwe nthawi ya dzinja, apa ndipamene timaonongera zinthu osadziwa chifukwa kulikonse kumakhala kobiriwira ndipo mtima umakhala m'malo. Udzu ukabudulidwa umaphukanso ndi mphamvu yochokera ku mizu. Ukapatsidwa mpata masamba amakula nkubwezera mphamvu ija pansi, koma ng'ombe ikabweranso mawa lake nkubudula kansonga kaja, mkucha nkubudulanso, mizu imanka ifupika mpaka tsinde lonse kufa. Ndipo ng'ombe si yopusa, imayamba ndi udzu wokoma, ndiye wokomawo ndi umene umatha, kutsala wolimba uja ndi zitsamba zoti ngakhale mbuzi imangonunkhiza. Mukaona pabusa payamba kuoneka dothi, tinjira ta ng'ombe tasanduka ngalande mvula ikagwa, dziwani kuti mwachedwa kale ndi zaka ziwiri zitatu.

Mankhwala ake ndi kugawa malo nkumadyetsa mosinthasintha. Ine ndinagawa zigawo 6, ng'ombe zimakhala sabata imodzi pa chigawo kenako nkusuntha, ndiye pomadzabwerera poyamba paja papita masabata 5 udzu utapuma. Anthu akamva mapadoki amaganiza za waya ndi mapolo nkugwa ulesi, zoona waya wakwera mtengo koopsa, koma ine zaka zoyamba ndinalibe ngakhale mpukutu umodzi. Malire anga anali chulu chachikulu chija, mtengo wa muwanga, khwawa ndi msewu wa ngolo. Chofunika ndi mbusa womvetsa. Ndinayenda naye mnyamata wanga malo onse ndikumuonetsa, tinamanga tinsanza tofiira m'mitengo, ndipo pa khomo la khola pali kalendala yomwe amachongapo. Mumulipire bwino komanso pa nthawi yake, mbusa wokwiya amakakhazika ng'ombe pamodzimodzi pafupi ndi pamene anzake akusewera bawo. Pang'onopang'ono ndakhala ndikudzala khonje ndi gilisidiya m'malire muja, pano mbali zina mpanda unagwirana wokha.

Sabata imodziyo si lamulo la m'Baibulo, muziyang'ana udzuwo. Ng'ombe zilowe udzu utafika cha m'mawondo, zituluke utatsala ngati kutalika kwa chikhatho choimika. Mu Januwale udzu umathamanga kuposa ng'ombe ndiye chigawo chimodzi kapena ziwiri mutha kuzidumpha dala, osadyetsamo, zimenezo ndi zodzadula. Chinanso, chaka chilichonse chigawo chimodzi chizisiyidwa mpaka udzu uchite maluwa nkugwetsa njere, chaka chinacho china, apo ayi busa limakalamba.

Dambo lisiyeni nthawi ya mvula. Ndikudziwa ndi pafupi, ndi pobiriwira, mbusa amalikonda, koma dambo ndi nkhokwe yanu ya chilimwe. Ziboda zikamaponda pamatope zimaumbiza dothi nkupha udzu, ng'ombe zimayamba zilonda za m'mapazi, komanso m'madzi oima muja mumakhala tinkhono timene timafalitsa nyongolotsi za m'chiwindi. Amene anaonapo butchala akutaya chiwindi chonse akudziwa zomwe ndikunena. Dzinja zidye kumtunda, kudambo zitsikire cha mu Juni kapena Julayi pansi patauma, ndipo nakonso muzigawa, osangozitayirira dambo lonse tsiku limodzi. Vuto lomwe lilipo masiku ano ndi madimba, madambo ambiri olowera ku Bua ndi Rusa anthu anatchinga tomato ndi chimanga, njira yopita kumadzi inatsekeka. Izi zokambirana kwa amfumu mvula isanathe, osadikira ng'ombe ilowe m'dimba la munthu kenako muzikalipira mbuzi pabwalo.

Tibwere pa udzu wodzala. Kuno ku Kasungu tili ndi mwayi umene sitiuona, maesiteti ambiri a fodya ankadzala udzu wa Rhodes, makamaka mtundu wa Katambora, posinthanitsa ndi fodya kuti achepetse tinyongolotsi totupitsa mizu tija. Bambo ankaudzala chifukwa cha fodya, ng'ombe zinkangodyerapo mwayi. Ine ndinautembenuza, pano ndi mbewu payokha. Njere zake ndi zopepuka ngati mankhusu ndiye pofesa sakanizani ndi mchenga wouma, dothi likhale losalala bwino, mvula itakhazikika cha kumapeto kwa Disembala. Osakwirira ngati chimanga chonde, ine chaka choyamba ndinakwirira ndi khasu nkumera tiwiri titatu, ndinatukwana wogulitsa mbewu pomwe wolakwa ndinali ine. Kungokoka nthambi pamwamba basi zakwana. Chaka choyambacho musalowetsemo ng'ombe msanga, zimazula ndi mizu yomwe. Za mbewu funsani alangizi a ziweto ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA), komanso ku Chitedze ku Lilongwe amachita kafukufuku wa udzu wa ziweto.

Nsenjere ndiye ndi wodula nkukapatsa, osati wodyetsa pompo. Dzalani m'mphepete mwa dambo, m'migula kapena kumunsi kwa khola kumene kumatsikira madzi a ndowe, kumeneko amachita kusangalala. Mumadula phesi la mfundo zitatu, ziwiri pansi imodzi pamwamba, mopendeketsa ngati chinangwa. Kudula kwake akafika cha m'chiuno, pafupifupi mita imodzi, nkusiya chitsa chaching'ono kuti aphukire. Akapitirira mutu wanu wasanduka bango, ng'ombe zimangobudula masamba mapesi nkusiya. Muzimuduladula ndi chikwanje tizidutswa tifupitifupi, zimadya zonse. Ndipo nsenjere amadya nthaka kwambiri, mukadula bwezerani manyowa.

Nayi ntchito ya mu Malichi imene ndaitchula pamwamba ija. Udzu umakhala ndi chakudya chambiri ukangoyamba kutulutsa ngayaye, ukafika poti wauma wokha pamtengo mu Juni umangokhala wofolerera nyumba, mimba imadzaza koma thupi silipindula. Ndiye udulidwe udakali wobiriwira, kumapeto kwa Febuluwale mpaka Malichi ngakhale kuchiyambi kwa Epulo. Vuto ndi mvula, komanso ndi nthawi yomwe aliyense ali pa fodya, aganyu amasowa. Ine ndimayang'ana kumwamba, kukaoneka kuti kuchita ng'amba masiku angapo timalowa ndi zikwakwa m'mawa mame atangouma, kuuyanika pompo, kuutembenuza masana, masiku awiri kapena atatu watheka. Poyesa tengani kamtolo nkupotokola, kakamatuluka madzi sunaume, kakamathyoka ngati machesi mwapitiriza. Wabwino umakhalabe wobiriwirako ndipo umanunkhira. Ndiye chinthu chomwe ndimanyadira nacho, jeke ya fodya ya bambo ija ndi imene ndimadindira mabelo a udzu, kumanga ndi chingwe cha khonje, nkuwasanja m'chigafa pa mitengo kuti asakhudze pansi. Chiswe ndi mdani, muzizonda sabata ndi sabata. Mulibe jeke, bokosi lamatabwa lopanda pansi limagwira, kuyala zingwe ziwiri, kuthira udzu, mwana kupondaponda, kumanga.

Zotsalira za m'munda nazo ndi chuma. Kuno ndi ku Mchinji timalima mtedza wambiri koma masangwi ake timawasiya padzuwa mpaka masamba onse kuyoyoka, pomwe chakudya chenicheni chili m'masambamo. Mukaumitsa mtedza pa milu yolowa mphepo pakati ija amati Mandela cock, masamba amasungika bwino, mukangothothola nyamulani masangwi tsiku lomwelo kukaika pamthunzi. Akachita chuku tayani, musaumire. Mapesi a chimanga paokha ndi ofooka, amangothandiza kudzaza mimba, koma mukawaduladula nkuwaza madzi a mchere pang'ono, nkusakaniza ndi masangwi kapena zotsalira za soya, zimadya mpaka kunyambita chodyeramo. Pamwamba pake madeya kilo imodzi kapena ziwiri kwa zoyamwitsa ndi zokoka ngolo. Madeya gulani nthawi yokolola ali otchipa nkuwayanika bwino, ikafika Okutobala pa chigayo mumalimbirana ndi a nkhumba ndi a kachasu. Alangizi a mbewu adzakuuzani kuti mapesi muphimbire m'munda, a ziweto akuti mupatse ng'ombe, onse akunena zoona, ine ndimatuta theka kusiya theka kenako manyowa a m'khola amabwerera kumunda komweko.

Mitengo musaiwale. Lukina ndi gilisidiya, mukamazidulira, zimakhala zobiriwira pamene china chilichonse chauma ndipo masamba ake ndi ndiwo ya mapesi aja. Lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, akachuluka ng'ombe imayamba kuchucha dovu ndi kuthothoka ubweya wa kumchira. Gilisidiya poyamba zimamukana chifukwa cha fungo, muyanikeni afote kaye tsiku limodzi zizolowera. Ngati muli ndi misangu pamalo panu musadule ngakhale umodzi, nyemba zake zimagwa nthawi yeniyeni ya njala ndipo ng'ombe zimachita kuthamangira. Chomwe muyenera kuzula ndi lantana, chitsamba cha timaluwa tosakanikira mitundu chija chimamera m'malire, ng'ombe yanjala ikadya chimaononga chiwindi khungu nkumasupuka padzuwa.

Moto. Chaka china anyamata osaka mbewa anandiotchera zigawo ziwiri zomwe ndinasunga dzinja lonse, ola limodzi lokha kunali phulusa, ndinakhala pa chulu osayankhula. Kuyambira pamenepo mu Meyi ndimalambula njira yotchinga moto kuzungulira busa ndi chigafa, mikono isanu kapena kuposa, ndipo amfumu analengeza chindapusa kwa wotentha tchire. Ena amatentha dala ati kuti kuphuke msipu wa palupsa. Umaphukadi, wokongola, koma ndi wochepa zedi ndipo ukutuluka ndi mphamvu yotsiriza ya mizu nthawi yoti kulibe mvula, mwasinthanitsa nkhokwe yodzaza ndi mbale imodzi.

Pali nkhani ina imene anthu sakonda kuimva. Mukawerenga mu Meyi nkuona kuti chakudya sichikwana, gulitsani zina nthawi yomweyo zili zonenepa, nkhalamba zomwe zinasiya kubereka, nkhunzi zosafunika, ng'ombe zangolo zotha mano. Butchala yemweyo amene akukupatsani mtengo wabwino mu Juni, mu Novembala adzakuuzani kuti akukuthandizani chabe. Chilala cha El Niño cha 2024 chinatiphunzitsa ambiri, ine ndinatulutsa zisanu mtima ukuwawa, ndalama yake ndinagula madeya ndi mankhwala a nkhupakupa, zotsalazo zinawoloka zonse.

Mvula yoyamba ikagwa musathamangire kutsegula zigawo zonse. Kamsipu katsopano kaja ndi madzi okhaokha, ng'ombe zimatsegula m'mimba nkumayenda mtunda wautali kutola tinsonga, ndipo zofooka zambiri zimagwa nthawi imeneyi osati mu Okutobala. Ndiye mabelo ena asungidwe dala a masabata atatu oyambirira a mvula. M'mawa zidye kaye zouma m'khola, zituluke mochedwerako, zikadye chigawo chimodzi chokha chomwe mwasankha kuti chivutike chaka chimenecho, zinazo zidikire mpaka udzu utafika m'mawondo muja.