Malangizo a kagwilitsilidwe nchito ka sikana ya Brother ADS-1700W mu ofesi

Sikana ya Brother ADS-1700W ni makina aang'ono amene amakopa mapepala n'kuwasandutsa mafaelo a pa kompyuta, ndipo imakwana pa desiki popanda kulanda malo a zinthu zina. Imakopa pepala kutsogolo ndi kumbuyo pa ulendo umodzi, ndipo liwilo lake limafika mapepala 25 a A4 pa mphindi imodzi.

Thileyi yake imalandila mapepala osapitilila 20 panthawi imodzi. Musanawaike, cotsani masitepulo ndi mapini onse, ongolani makona opindika, ndipo apekeseni ndi cala kuti alekane, cifukwa mapepala amene akhala nthawi yaitali mu faelo, maka-maka m'nyengo ya dzinja, amamatana n'kulowa awili-awili. Makadi apulasitiki, monga laisensi yoyendetsela galimoto, ali ndi kampata kawo-kawo, ndipo alowetsedwe mmenemo imodzi-imodzi.

Ubwino waukulu wa sikana iyi ni wakuti imatumiza yokha mafaelo kudzela pa Wi-Fi, ngakhale popanda kompyuta yoyaka pambali pake. Woyang'anila netiweki ya ofesi ndiye ayenela kuyamba kuikonza: ailumikize ku rauta ya 2.4 GHz, kenako alembetse malo amene mafaelo azipita, kaya ni foda ya onse pa netiweki, seva ya FTP kapena SFTP (kompyuta yolandila mafaelo kudzela pa netiweki), kapenanso adilesi ya imelo. Malo alionse angapatsidwe batani lake pa sikilini ya mainchi 2.8 imene ili kutsogolo, moti wa ku maakaunti amangoika malisiti, n'kugunda batani la dipatimenti yake, ndipo PDF imakapezeka mu foda yoyenela. Ni bwino kupatula nthawi yokonza mabatani amenewa tsiku loyamba, cifukwa ofesi imene yanyalanyaza zimenezi imatsala ndi mafaelo omwazikana amene palibe amene adziwa kumene anapita.

Pa makalata wamba ndi mainvoisi, 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse ya cithunzi cokopedwa) ni yokwanila. Sankhani 600 dpi pokhapokha ngati malemba ni aang'ono kwambili kapena cidindo cafufutika, pakuti faelo imakula ndipo imacedwa kutumizika. Pulogilamu ya pa kompyuta ya OCR, imene imazindikila zilembo za pa pepala lokopedwa, imapangitsa kuti mau a mu PDF azifufuzika, koma musaidalile pa zolemba pamanja.

Gwilitsilani nchito adaputala imene inabwela ndi makinawa basi. Magetsi akapita, kumbukilani kuti rauta nayo yazima. Ngati sikana ili pa invata koma netiweki palibe, lowetsani fulashi m'kabowo ka USB ndipo sungani mafaelo mmenemo mpaka netiweki itabwelela.

Mapepala ambili amene amapita mu sikana ali ndi maina, manambala a NRC (citupa ca unzika) ndi malipilo a anthu. Lamulo la ku Zambia la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti uthenga waumwini wotele usungidwe motetezeka, conco foda ya onse ikhale ndi pasiwedi, ndipo fulashi isasiidwe pa makina anthu akaweluka.

Mizele yoongoka ikayamba kuoneka pa masamba onse okopedwa, nthawi zambili vuto limakhala fumbi kapena guluu pa kagalasi ka mkati. Zimitsani sikana, cotsani pulagi ku magetsi, tsegulani civundikilo ca kutsogolo, ndipo pukutani magalasi ndi tumawilo tokoka mapepala ndi kansalu kofewa kosasiya ulusi.