Kuyeza bondo la wosewera mpira atachitidwa opaleshoni ya ACL

Funso ndi lakuti: bondo lomwe anasoka mtsempha wa ACL (mtsempha wa mkati mwa bondo womwe umagwira msongolo kuti usasunthire kutsogolo) lakonzeka kubwerera m'bwalo? Yezani motere, ndipo miyezi 9 isanakwane musafulumire.

1. Onani kutupa. Sisitani mbali ya mkati ya bondo kupita mmwamba. Madzi akabwerera pomwe mwasisitapo, bondo likadali lotupa, imani pomwepo.

2. Bondo liwongoke kotheratu ndi kupindika mofanana ndi linzake.

3. Chitani mayeso a Lachman bondo litapindika madigiri 20 mpaka 30. Kokerani msongolo kutsogolo. Uyenera kuima molimba, osati molobodoka.

4. Yezani mphamvu ya minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ndi dynamometer, chipangizo choyezera mphamvu ya minofu. Gawani ya mwendo wovulala ndi ya wabwino. Ifike 90 peresenti.

5. Wosewerayo adumphe ndi mwendo umodzi: kamodzi, katatu, katatu mopingasa mzere, kenako mamita 6 mukuwerenga nthawi. Apanso 90 peresenti. Koma mtunda wokha umanyenga. Yang'anitsitsani potera: bondo likagwera mkati, chiuno n'chofooka, ndipo mtsempha umadukanso motero. Mwendo wabwinowo nawo umafooka pokhala osasewera, choncho yerekezaninso ndi manambala ake a opaleshoni isanachitike.

6. Mantha ovulalanso muwayeze ndi mafunso a ACL-RSI, omwe amaonetsa ngati wosewerayo wakonzeka m'maganizo kubwerera m'bwalo.