Kusankha TV yopita nayo pachilumba: chingwe, eriyo, dishi kapena intaneti

Aphunzitsi, anamwino ndi apolisi amene amatumizidwa kukagwira ntchito ku Chilubi pa nyanja ya Bangweulu, kapena ku Kilwa pa nyanja ya Mweru, nthawi zambiri amagula katundu wawo kuno ku Lusaka asananyamuke. Ena amagulira makolo kapena achibale okhala kumeneko. Koma chimene chimaonetsa bwino ku Chilenje kapena ku Matero chikhoza kukakhala bokosi chabe pakati pa madzi, ndipo mukadzazindikira zimenezo, sitolo idzakhala ili ulendo wa boti ndi basi kumbuyo kwanu. Musayambe ndi kufunsa kuti phukusi liti lili ndi matchanelo ambiri. Yambani ndi mafunso awiri awa: sigino idzafika bwanji panyumbapo, ndipo magetsi oyendetsa zipangizozo adzachokera kuti?

Za chingwe tisatayepo nthawi. TV yolowa m'nyumba ndi chingwe chochokera mumsewu, monga zilili m'mizinda ya ku America, siinazike mizu m'dziko muno. Chingwe chimene chafika m'madera ena a Lusaka ndi cha faiba, ndipo chimanyamula intaneti. Wokhala m'dera lomwe faiba inadutsa akhoza kuonera zonse pa intaneti popanda dishi. Pachilumba musachiyembekezere.

Eriyo ndiyo imapusitsa anthu ambiri chifukwa ndi yotchipa. GOtv inayamba ku Zambia mu 2011, ndipo TopStar, yomwe ndi mgwirizano wa ZNBC ndi StarTimes, ndiyo inagwira ntchito yosamutsa dziko kuchoka ku TV yakale kupita ku ya dijito. Dekoda ya eriyo imalandira sigino kuchokera ku nsanja yomangidwa pansi pano, mwa njira yotchedwa DVB-T2. Sigino imeneyi imayenda molunjika, sikhota kuzungulira phiri, ndipo imafooka mukamatalikira nsanjayo. Mu Lusaka nsanja zili pafupi, n'chifukwa chake kaeriyo kakang'ono pamwamba pa malata kamakwanira. Pamwamba pa nyanja palibe chotchinga, choncho sigino ya kumtunda nthawi zina imawoloka ndithu, koma madzi amabwezanso mafunde a siginoyo, ndipo obwezedwawo akakumana ndi olunjika chithunzi chimaduka: m'mawa chili bwino, masana chikuima-ima. TV ya dijito sichita chipale ngati yakale ija. Imaonetsa bwinobwino kapena siionetsa n'komwe. Njira yodziwira ndi imodzi basi: imbirani munthu amene ali pamudzi womwewo, osati pa boma la chigawocho, mumufunse ngati pali nyumba yoonera ndi eriyo, mlongoti wake ndi wautali bwanji, ndipo walozetsa kuti. Ngati palibe, musagule. Dziwaninso kuti TopStar ili ndi madekoda amitundu iwiri, a eriyo ndi a dishi. Si ofanana, ndipo wina sangagwire ntchito ya mnzake, choncho nenani momveka kwa wogulitsa kuti mukufuna uti.

Kwa munthu wa pachilumba, ife timati maziko ndi dishi. Setilaiti ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 35,786 pamwamba pa ikweta, ndipo kwa iyo Kabulonga ndi Chilubi n'chimodzimodzi. Chimene ikufuna ndi thambo losatchingidwa mbali imene ili.

Mbali imeneyo muyenera kuidziwa musanakumbe dzenje. DStv imagwiritsa ntchito masetilaiti a pa madigiri 36 kum'mawa ndi a pa 68.5 kum'mawa; manambalawa akunena malo amene setilaiti ili pamwamba pa ikweta, osati mbali yolozetsa dishi. Funsani wogulitsa kuti dekoda yanu yakonzedwera iti, ndipo dzina lake limaonekanso pa menyu pamene pamasonyeza mphamvu ya sigino. Ya pa 36, mukakhala mu Lusaka, ili kumpoto kopendekera pang'ono kum'mawa, yokwera madigiri pafupifupi 70 kuchokera pansi. Ku Chilubi imakwera kufika pafupifupi 75. Ya pa 68.5 ili cha kum'mawa ndipo ndi yotsika, madigiri 41 mu Lusaka ndi pafupifupi 44 ku Chilubi, kotero mtengo wa mango umene uli kum'mawa kwa nyumba ukhoza kuitchinga. Apa pali chinthu chosokoneza oyamba kumene: madishi a masiku ano ali ndi mkono wotulukira pansi, ndipo amaona m'mwamba kuposa mmene nkhope yake ikuonekera, ndi madigiri opitirira 20. Musayeze ndi maso. Tsatirani manambala olembedwa pa chitsulo cha kumbuyo kwa dishi.

Pa kukula kwake, tengani ya masentimita 90 ngakhale wogulitsa atakuuzani kuti yaing'ono ikwana. Sigino ya masetilaitiwa imayenda pa mafunde a pakati pa 10.7 ndi 12.75 GHz, ndipo madontho a mvula yamphamvu amawameza. N'chifukwa chake kuyambira Novembala mpaka Epulo mumaona uthenga wa E48-32, wosonyeza kuti sigino yatayika, kukangochita mdima. Dishi yaikulu imasonkhanitsa sigino yochuluka, choncho imapirira nthawi yaitali mvula isanaigonjetse. Kumpoto kwa dziko lino mvula imagwa yambiri kuposa ku Lusaka, ndiye kusiyana kumeneku kumamveka kwambiri. Polozetsa, musasangalale ndi nambala ya mphamvu yokha. Ya ubwino wa sigino ndiyo yofunika. Sunthani dishi pang'onopang'ono, kuima masekondi angapo nthawi iliyonse kuti dekoda iwerenge, kenako potozani LNB, kachipangizo kolandira sigino kamene kali kumapeto kwa mkono wa dishi, m'chogwirira chake mpaka nambala ya ubwino itafika pamwamba pomwe ingafike. Dishi yolozetsedwa mwachisawawa tsiku la dzuwa imaonetsa ndithu, koma imataya chithunzi ndi kamvula kowaza.

Kumanga kwake kumafuna kuganiza, chifukwa nyumba zambiri za kumeneko ndi za njerwa zosawotcha kapena zofolera ndi udzu, ndipo mabauti sagwira pa khoma lotere. Musamangirirenso pa mtengo wamoyo kapena pa phaso, zimagwedezeka. Imikani paipi yachitsulo pansi: dzenje lakuya masentimita 60 mpaka 70, konkire, ndi kachitsulo kopingasa kumunsi kwa paipiyo kuti isazungulire m'kati mwa konkire mphepo ikawomba. Iime chilili ndithu, muiyeze ndi levulo mbali ziwiri, ndipo mudikire masiku awiri kapena atatu musanapachike dishi. Mphepo ya panyanja ikasuntha dishi ndi digiri imodzi kapena ziwiri, chithunzi chapita.

Chingwe chochokera pa dishi chikhale RG6, cholumikizidwa ndi makonekita a F. M'chingwemo mumayendanso magetsi a mavoti 13 kapena 18 ochokera mu dekoda kupita ku LNB, choncho kawaya kamodzi ka ukonde wakunja kakakhudza waya wapakati, sigino imatheratu. Zimitsani dekoda musanamange kapena kumasula. Mdani wamkulu pafupi ndi nyanja ndi chinyezi. Madzi akalowa pa konekita ya pa LNB amatsika m'kati mwa chingwe, mkuwa umada, ndipo matchanelo amayamba kusowa ena ndi ena, mwini wake n'kumaganiza kuti dekoda yafa. Kulungani konekitayo ndi tepi yarabala yodzimata yokha, ndipo pomwe chingwe chikulowa m'nyumba chisiyeni chilende pang'ono kunja kuti madzi adonthere pansi. Kukayamba ziphaliwali, zulani pulagi ndi chingwe cha dishi chomwe. Mukamagula ku Kamwala kapena m'tauni, onjezerani LNB yachiwiri, makonekita angapo, adaputala ina ya dekoda ndi sipanala yokwana mabauti a dishiyo. Zinthu zazing'onozi ndizo zimaimitsa TV mwezi wathunthu pachilumba.

Dekoda ilembetseni ndi kuiyesa kuno musanapite, ndipo nambala ya khadi lake muilembe m'buku ndi m'foni. Kulipira mwezi ndi mwezi kumatheka ndi ndalama za pafoni. Mukalipira mochedwa n'kuona uthenga wa E16, wosonyeza kuti matchanelo atsekedwa, siyani dekoda ili yoyaka pamene mukupempha kuti aichotse, chifukwa lamulo loitsegula limadzera pa setilaiti yomweyo. Amene akutumiza katundu kwa achibale ku Likoma kapena ku Chizumulu akumbukire kuti zilumba zimenezo ndi za Malawi: akaunti imalembetsedwa m'dziko lomwe ikagwiritsidwe ntchito, choncho ndi bwino kukagula ndi kulembetsa komweko. Kumenekonso mphepo ya mwera ya m'miyezi yozizira siilekerera dishi yomangidwa mofooka.

Tsopano intaneti. Netflix inafika ku Zambia mu Januwale 2016, YouTube aliyense akuidziwa, ndipo DStv Stream imapereka matchanelo popanda dishi. Zonsezi zimadya deta, ndipo kuwerengera kwake nkosavuta. Malinga ndi Netflix, chithunzi chotsika chimadya pafupifupi 0.3 GB pa ola, chapakati 0.7 GB, HD mpaka 3 GB, ndipo 4K mpaka 7 GB. Banja loonera maola atatu usiku uliwonse pa chithunzi chapakati limatha 63 GB pa mwezi. Pa HD likhoza kufika 270 GB. Tengani manambala amenewa, muwayerekeze ndi mtengo wa mabandulo a MTN, Airtel kapena Zamtel lero, muone ngati akupikisana ndi phukusi la dishi, lomwe mtengo wake susintha ngakhale TV itayaka tsiku lonse. Liwiro nalonso ndi nkhani: HD yotsika (720p) imafuna pafupifupi 3 Mbps yosadukiza, HD yathunthu (1080p) imafuna 5. Timizere tinayi pafoni sitikutsimikizira zimenezo. Nsanja imodzi ikamatumikira mudzi wonse, liwiro limagwa madzulo, nthawi yomwe aliyense wagwira foni, yomwenso ndi nthawi ya nkhani ndi mpira. Pemphani wa kumeneko ayese kanema wa YouTube cha m'ma 20:00, osati m'mawa.

Pomwe netiweki ili yofooka, nzeru ndi kukopera makanema m'foni kapena m'tabuleti mukakhala ku Samfya, ku Nchelenge kapena kuno. Chenjerani kuti zokopera pa Netflix zimatha nthawi; zina zimafa patapita maola 48 mutayamba kuonera.

Starlink, imene inayamba kugwira ntchito ku Zambia mu Okutobala 2023, inasintha zinthu kwa anthu akutali, chifukwa siidalira nsanja. Koma ambiri amalakwitsa poganiza kuti ndi TV. Imangopereka intaneti, Netflix kapena DStv Stream mudzalipirabe padera, kotero mabilu amakhala awiri. Imafunanso thambo lotseguka mbali yaikulu, osati kampata kamodzi ngati dishi ya TV, popeza masetilaiti ake amayenda. Pulogalamu yake ya pafoni ili ndi poyesera zotchinga, muigwiritse ntchito musanasankhe malo. Kwa nyumba imodzi ndi katundu wolemera. Kwa sukulu, chipatala kapena malo ogona alendo, pomwe intaneti ikufunikanso pa ntchito, imamveka. Okonda mpira adziwe kuti chithunzi cha pa intaneti chimatsalira kumbuyo kwa cha dishi, nthawi zina ndi theka la mphindi kapena kuposa. Ndipo musanalipire phukusi lililonse chifukwa cha mpira, funsani kuti ligi imene mukufuna ikuonetsedwa ndi ndani nyengo imeneyo, poti maufulu oonetsa amasintha manja.

Funso la magetsi ndilo limagamula, ndipo a ku Lusaka analiphunzira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. TV ya LED ya mainchesi 32 imadya mawati pakati pa 30 ndi 50, dekoda pakati pa 10 ndi 20. Tinene 55 zonse pamodzi. Kwa maola asanu ndi 275 Wh (mawati kuchulukitsa ndi maola). Batire ya mavoti 12 ya 100 Ah imasunga 1,200 Wh, koma ya mtovu musaitsitse kupitirira theka, apo ayi ifa msanga, ndiye muli ndi 600 Wh. Ikukwanira, n'kutsalako ya mababu ndi kutchaja mafoni. Sola ya mawati 150 imabwezera 275 Wh ija ngakhale m'masiku a mitambo yapakatikati. Onjezani Starlink yaikulu, yomwe imadya mawati 75 mpaka 100: pa maola asanu omwewo ikufuna 375 mpaka 500 Wh payokha, ndipo batire ija yaperewera. Starlink Mini imadya 25 mpaka 40, choncho ndiyo yoyenera nyumba ya sola. Inveta nayo imataya gawo la mphamvu posintha magetsi, mwina limodzi mwa magawo khumi kapena kuposa, n'chifukwa chake TV yolowa mavoti 12 mwachindunji ndi yabwino kumeneko. Ngati mukugwiritsa ntchito jenereta, ilizeni kaye ikhazikike musanalumikize dekoda, ndipo muzule dekoda musanaizimitse. Kukwera ndi kutsika kwa magetsi pa nthawi ziwirizi ndiko kumawotcha maadaputala.

Chotsala ndi ulendo. Pa Intercity katundu amaponderezana pansi pa basi, ndipo m'boti anthu amakhalira chilichonse chooneka chophwatalala. Masulani mkono wa dishi, mbaleyo muikulunge ndi makatoni ndi bulangete, muiimike chammbali, ndipo pamwamba pake pasaikidwe thumba la ufa. Dekoda, rimoti ndi LNB zikhale m'mapulasitiki awiri, m'chikwama chimene muli nacho pamiyendo. Mukafika, musanapachike, yesani ngati mbale yapindika: kokani ulusi umodzi kuchokera m'mphepete mwa pamwamba kufika pansi, wina kuchokera kumanzere kufika kumanja. Maulusiwo akangokhudzana pang'ono pomwe akudutsana, dishi ili bwino. Pakakhala mpata pakati pawo, kapena wina akamakankha mnzake, yapotoka, ndipo muiwongole pang'onopang'ono ndi manja, mukuyezanso, musanayambe kufufuza setilaiti.