Momwe mungaonere Provence m'masiku anayi popanda galimoto

Viza ya Schengen (yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya) ikatuluka, musathere masiku onse ku Paris. Kwerani sitima yaliwiro ya TGV pa siteshoni ya Gare de Lyon ku Paris konko, maola atatu asanakwane mwafika ku Avignon, mzinda wa m'chigawo cha Provence kummwera kwa France. Tikiti gulirani pa intaneti kudakali milungu ingapo, chifukwa mtengo umakwera tsiku likamayandikira.

Choyamba, pezani pogona ku Avignon konko ndipo musamasamukesamuke ndi zikwama. Siteshoni ya TGV ili kunja kwa tawuni, koma kasitima kena kamakutulani pa Avignon Centre m'mphindi zochepa. Ngati m'thumba simuli bwino, upeweni mwezi wa Julaye, pomwe chikondwerero cha zisudzo chimadzaza tawuni yonse.

Tsiku loyamba lawirirani ku Palais des Papes, chinyumba cha apapa amene ankakhala mumzindawu kuyambira 1309 mpaka 1377. Mlatho wa Saint-Bénézet, womwe madzi osefukira anausiya utathera pakati pa mtsinje wa Rhône, ine sindingaulipirire. Wolokani mukauonere pa chilumba cha Barthelasse dzuwa likupendeka.

Tsiku lachiwiri lonse mulipereke ku Pont du Gard. Basi imanyamuka ku Avignon, koma onani nthawi yobwerera musananyamuke. Pont du Gard ndi mlatho wonyamula ngalande yamadzi umene Aroma anamanga zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, wosanjikizana katatu, wotalika pafupifupi mamita 49 kupita m'mwamba. Madzi ankachokera pa kasupe wa kufupi ndi Uzès n'kuyenda makilomita 50 mpaka ku Nîmes, akutsetsereka mamita osakwana 13 ulendo wonsewo, popanda pampu. Imani pansi pake muone miyala ikuluikulu yongogundanitsidwa, yopanda chomatira. Tengani kamba ndi zosambira. Anthu amasambira mu mtsinje wa Gardon mmunsi momwemo.

Arles mukonzere Loweruka, tsiku la msika waukulu pa Boulevard des Lices. Pasitima ndi mphindi 20. Kuli bwalo lamasewera la Aroma ndi misewu imene katswiri wa zojambulajambula Vincent van Gogh anajambula mu 1888.

Minda ya lavenda ndiye yovuta popanda galimoto: lipirani ulendo wapagulu wopita ku nyumba ya amonke ya Sénanque, kufupi ndi mudzi wa Gordes. Maluwawo amachita bwino kumapeto kwa Juni mpaka pakati pa Julaye, choncho Juni ndiye mwezi wanu.

Mukalowa m'sitolo yambani ndi "Bonjour" musanafunse kanthu. Malo odyera ambiri amasiya kuphika ikakwana 2 koloko masana, ndipo mphepo yozizira ya Mistral ikayamba mudzafuna juzi ngakhale dzuwa lili phwee.