Kulima chamba chimodzi m'chidebe panja: malangizo kwa woyamba wa ndalama zochepa

Munthu asanagwire n'komwe dothi ayenera kuyamba wadziwa zimene malamulo a kumene akukhala amanena, pakuti chamba si mbewu imene aliyense angangoibzala pakhonde. Ku Canada, kuyambira pa 17 October 2018, nyumba imodzi imaloledwa kukhala ndi zomera zosapitirira zinayi, ngakhale kuti chigawo cha Quebec chimaletsabe kulima kunyumba. Ku Germany, kuyambira pa 1 April 2024, munthu wamkulu amaloledwa zomera zitatu, ndipo ku Uruguay lamulo la 2013 limalola zisanu ndi chimodzi kwa amene analembetsa ku boma. Ku South Africa khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu akhoza kulima pamalo pake chamba chogwiritsa ntchito iye mwini. M'maiko ena ambiri chomera chimodzi chokha ndi mlandu wolowa nawo m'ndende, ndipo ku Malawi lamulo la 2020 limalola chamba cha mankhwala, cha m'mafakitale ndi cha kafukufuku chokha, kwa amene ali ndi chiphaso cha bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Malangizo awa ndi a munthu wamkulu amene lamulo la kwawo likumulola kulima. Amene sakuloledwa asayambe.

Tsono pa ulimi weniweniwo, mfundo imene ndikufuna kuti woyamba aigwiritsitse ndi yakuti chomera cha m'chidebe chimakhala ndi moyo kapena kufa malinga ndi zimene zikuchitikira mizu yake. Chamba chobzalidwa m'munda chimatambasula mizu n'kumadzifunira chokha madzi ndi chakudya, pamene cha m'chidebe chimangodalira dothi lochepa limene mwachipatsa, ndipo cholakwika chilichonse chimene mungachite chimakhala momwemo, chilibe kothawira. N'chifukwa chake ndalama zochepa zimene muli nazo zipite ku zinthu zitatu, njere yabwino, chidebe chokwanira ndi dothi loyenera, osati ku mabotolo okongola a feteleza amene amalonjeza zodabwitsa.

Chamba, chimene asayansi amachitcha Cannabis sativa, chili ndi chomera chachimuna ndi chachikazi, ndipo maluwa amene anthu amafuna amachokera ku chachikazi chokha. Mukabzala njere wamba, pafupifupi theka la zomera limatuluka lachimuna, zimene zikutanthauza kuti munthu wa chidebe chimodzi akhoza kuthirira kwa mwezi ndi theka kenako n'kupeza kuti walera chomera chosabala maluwa ofunikawo. Njere zokonzedwa kuti zizitulutsa zachikazi zokha, zimene ogulitsa amazilemba kuti feminised, n'zokwera mtengo, koma kwa wolima chomera chimodzi ndi pamenepa pamene ndalama imagwira ntchito yooneka. Ngati muli ndi njere wamba, fesani zitatu kapena zinayi m'timakapu, malinga ngati chiwerengerocho sichikupitirira chimene lamulo limalola, ndipo pakatha masabata 4 mpaka 6 yang'anani pamene nthambi imakumana ndi tsinde: chachikazi chimatulutsa timaubweya tiwiri toyera, pamene chachimuna chimatulutsa timipira tating'ono tolendewera. Chachimunacho chizuleni timipirato tisanatseguke, chifukwa mungu wake umauluka ndi mphepo mtunda wautali, ndipo chachikazi chikalandira mungu chimathera mphamvu zake pa kupanga njere.

Palinso nkhani ya kutalika kwa usiku, imene ambiri oyamba saidziwa. Mitundu yambiri ya chamba imayamba kuchita maluwa usiku ukatalika kuyandikira maola 12. Kumaiko akutali ndi ikweta, kumene masana a m'chilimwe ndi aatali kwambiri, chomera chimakula kwa miyezi ingapo kenako n'kuchita maluwa masiku akayamba kufupika. Kufupi ndi ikweta, kumene usana ndi usiku sizisiyana kwenikweni chaka chonse, mitundu yochokera kumaiko ozizira imafulumira kuchita maluwa ikadali yaifupi. Pali mtundu wina wotchedwa autoflower, umene unachokera ku chamba chakutchire chotchedwa ruderalis cha kumadera ozizira a Russia ndi pakati pa Asia, umene suwerengera usiku koma msinkhu: umayamba maluwa pakatha masabata 3 kapena 4 ndipo umakhwima pa masabata 10 mpaka 12 chimerereni. Ine ndimaona kuti mtundu umenewu ndi woyenera chidebe chifukwa sukula kwambiri, koma uli ndi vuto lake lakuti supereka mpata wokonza zolakwika. Ukapinimbira m'masabata oyamba, upita ku maluwa uli wopinimbira chomwecho.

Chidebe chikhale cha malita 15 mpaka 25. Chocheperapo chimauma msanga ndipo mizu imapiringizana, chokulirapo chimafuna dothi lambiri ndipo n'chovuta kunyamula. Ndowa yakale ya pulasitiki imagwira ntchito bwino lomwe, malinga ngati simunasungemo mafuta a galimoto, penti kapena mankhwala ophera tizilombo. Boolani mabowo osachepera asanu ndi atatu pansi pake, aakulu ngati chala chaching'ono, ndipo muchikhazike pa njerwa ziwiri kuti madzi azituluka momasuka. Anthu ambiri amathira miyala pansi pa chidebe poganiza kuti ikuthandiza madzi kutsika, koma zoona zake n'zakuti madzi sadutsa msanga kuchoka m'dothi losalala kulowa m'miyala, choncho amaima pamwamba pa miyalayo, pafupi kwambiri ndi mizu, ndipo mwangochepetsa malo a dothi pachabe. Samalaninso ndi mtundu wa chidebecho. Pulasitiki yakuda ikakhala padzuwa tsiku lonse imatentha mpaka kupsereza mizu ya m'mbali, ndipo chomera chimafota masana ngakhale dothi lili lonyowa. Kuchikulunga ndi chiguduli kapena kuchipaka penti yoyera kunja kumathetsa vutoli popanda kuwononga ndalama.

Dothi lokumba pabwalo n'kulithira m'chidebe lokhalokha limagwirana pakangopita masabata ochepa akuthirira, mpweya n'kusowa polowera. Mizu imapuma, ndipo ikasowa mpweya imaola. Sakanizani magawo atatu ofanana: dothi lachonde la pamwamba, kompositi wopsa bwino amene sakununkha ndiponso sakutentha mukapisamo dzanja, ndi chinthu chomasula dothi monga perlite (timiyala toyera topepuka), mankhusu a mpunga kapena mchenga wokhakhala. Mukafumbata dothi lonyowa pang'ono liyenera kuumbika, koma mukalikhudza ndi chala liyoyoke. Chamba chimakonda dothi la pH (muyeso wa kuchuluka kwa asidi) ya pakati pa 6 ndi 7, ndipo kunja kwa malire amenewa mizu imalephera kutenga zakudya zina ngakhale zili momwemo, moti mlimi amaona masamba achikasu n'kuwonjezera feteleza pamene vuto silinali kusowa kwa feteleza. Timapepala toyezera pH si todula, ndipo ndi bwino kuyeza madzi anu kamodzi pachiyambi. Ndowe zaziwisi, makamaka zitosi za nkhuku, musaziyandikize ku mbande.

Njere ilowe m'dothi lonyowa sentimita imodzi yokha, ndipo imamera pakati pa masiku 3 ndi 7. Ya autoflower ibzalidwe m'chidebe chake chomaliza kuyambira pachiyambi, chifukwa kuwokera kumaichedwetsa masiku amene ilibe. Mitundu inayo mukhoza kuiyambira m'kapu yoboola pansi n'kuiwokera ikakhala ndi masamba enieni magulu atatu kapena anayi. Malo oika chidebe azilandira dzuwa lachindunji kwa maola osachepera 6, makamaka la m'mawa limene limaumitsa mame msanga, ndipo usiku azikhala amdima weniweni. Babu la pakhonde kapena nyali ya mumsewu yowalira chomera usiku ikhoza kuchedwetsa maluwa, kapenanso kuchititsa chachikazi kutulutsa ziwalo zachimuna n'kudzipatsa chokha mungu.

Pa kuthirira ndi pamene zomera zambiri za oyamba zimafera, ndipo sizifa ndi ludzu ayi, zimafa ndi chikondi chopitirira muyeso. Munthu amene ali ndi chomera chimodzi amachiyendera m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo ulendo uliwonse amafuna kuchichitira kanthu. Chovuta n'chakuti chomera chothiriridwa mopitirira chimagwetsa masamba ngati chimene chili ndi ludzu, ndiye mwini wake amawonjezeranso madzi. Kusiyana kwake kulipo kwa woyang'anitsitsa: masamba a chomera chaludzu amakhala ofewa ndi opepuka ngati nsalu, pamene a chomera chokhuta madzi amakhala olimba, olemera, opindikira pansi. Njira yodalirika ndi kupisa chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri, ndipo ngati mukumva chinyontho, dikirani. Yesaninso kunyamula chidebe mutangothirira ndiponso chikauma, kuti manja anu azolowere kulemera kwake. Pakapita masabata awiri simudzafunanso kufunsa wina. Pothirira, thirirani m'mawa, pang'onopang'ono, mpaka madzi ayambe kudontha pansi, kenako musiye mpaka pamwamba paume. Mbande yaing'ono m'chidebe chachikulu imangofuna kapu imodzi mozungulira tsinde, pamene chomera chachikulu m'nyengo yotentha chikhoza kufuna madzi tsiku ndi tsiku. Udzu wouma woyala pamwamba pa dothi umasunga chinyontho ndi kuziziritsa mizu.

Ngati munaika kompositi wabwino, masabata atatu kapena anayi oyamba simufunika feteleza aliyense. Pambuyo pake, pamene chomera chikukula masamba ndi nthambi, chimafuna nayitirojeni wambiri, ndipo chikayamba maluwa chimafuna nayitirojeni wochepa koma fosifolasi ndi potaziyamu wokwanira. Feteleza wamba wa ndiwo zamasamba pachiyambi ndi wa mbewu zobala zipatso pa nthawi ya maluwa ndi wokwanira. Yambani ndi theka la muyeso wolembedwa pa paketi. Nsonga za masamba zikayamba kupsa ngati zawauka ndi moto, mwapyola muyeso, ndipo mankhwala ake ndi kuthirira madzi okhaokha kangapo. Masamba a m'munsi akamasanduka achikasu chomera chikadali kukula, chikusowa nayitirojeni. Koma chikasu chomwecho chikaoneka m'masabata omaliza a maluwa si matenda, chomera chikungosamutsa chakudya kuchoka m'masamba akale.

Kuthena nsonga chomera chikafika mfundo (pamene masamba amatulukira pa tsinde) zisanu kapena zisanu ndi imodzi kumachititsa kuti chikhale chachifupi ndi cha nthambi zambiri, koma autoflower musaithene. Zikani kamtengo m'mbali mwa chidebe n'kumangirira tsinde momasuka, pakuti mphepo imagwetsa chidebe mosavuta chomera chikalemera.

Kawiri pa sabata tembenuzani masamba n'kuyang'ana kunsi kwake, kumene akangaude ofiira, nsabwe ndi ntchentche zoyera zimabisala. Timadontho toyera pamwamba pa tsamba ndi chizindikiro choyamba cha akangaude. Chomera chisanachite maluwa, madzi osakaniza ndi sopo wochepa wopanda mafuta onunkhira, kapena mafuta a nimu, opopera madzulo, amathandiza. Maluwa akangoyamba, lekani kupopera chilichonse pa iwo, makamaka mankhwala ophera tizilombo a m'sitolo, chifukwa maluwa a chamba ndi omata, satsukika ngati chipatso, ndipo chilichonse chotsalira pamenepo chidzalowa m'thupi la munthu. Mbozi zitoleni ndi manja. Mdani wamkulu wa masabata omaliza ndi chuku chotuwa chotchedwa Botrytis cinerea, chimene chimayambira mkati mwa duwa lothinana pamene kunja kukuoneka bwinobwino. Katsamba kamodzi kotuluka m'duwa kakafota mwadzidzidzi, kanganulani duwalo muone; ngati mkati mwake muli motuwa kapena mwa bulauni, dulani mbali yonseyo ndi kuitaya kutali. Apa ndi pamene wolima m'chidebe amaposa wolima m'munda, chifukwa mvula ikamabwera iye amangonyamula chomera chake n'kuchiika pansi pa denga pamene mphepo ikudutsa.

Mitundu yambiri imakhwima masabata 8 mpaka 10 chiyambireni maluwa, ngakhale kuti ya kumadera otentha imatha kupitirira masabata 12. Timaubweya toyera tija tambiri tikasanduka tofiirira n'kupindikira mkati, nthawi yayandikira. Chotsimikizira ndi timadontho ta utomoni tokuta maluwa, timene timaoneka ndi galasi lokulitsa zinthu: tikakhala toonekera ngati madzi sitinakhwime, tikayera ngati mkaka ndipo tina tochepa tayamba kufiirira, dulani. Pachikani nthambi mozondotsa m'chipinda chamdima chodutsa mpweya kwa masiku 7 mpaka 14, osati padzuwa kapena pafupi ndi moto, mpaka timitengo tating'ono tizithyoka m'malo mopindika. Kenako ikani maluwa m'mabotolo agalasi osadzaza kwambiri, muziwatsegula kwa mphindi zingapo tsiku lililonse m'masabata awiri oyamba, ndipo mukamva fungo la chuku kapena kuona ulusi woyera, tayani zonse za m'botolo limenelo. Mabotolowo alembedwe bwino ndi kutsekeredwa pamalo okhoma pamene ana ndi ziweto sangafike, monganso chidebe chenichenicho chiyenera kukhalira kuseri kwa mpanda nyengo yonse.