Mmene ndinachepetsera phokoso la pampu ya kompyuta

Kompyuta yanga imazizira ndi madzi, koma pampu yake inkalira ngati firiji yakale. Posankha ina ndinayang'ana mitundu iwiri yodziwika, D5 ndi DDC. DDC ndi yaing'ono ndipo imakankha madzi mwamphamvu, koma imatentha, moti ambiri amaiikira heatsink (kachitsulo kochotsa kutentha) kunsi kwake. D5 ndi yokulirapo, imaziziritsidwa ndi madzi omwe ikupopawo, ndipo kulira kwake sikuboola m'khutu. Poti madzi anga amangodutsa pa CPU (ubongo wa kompyuta) ndi radiator (choziziritsira madziwo) imodzi, mphamvu za DDC zinalibe ntchito. Ndinatenga D5 ya PWM, yomwe liwiro lake umatha kulisintha kudzera pa kompyuta.

Nditaimanga, kung'ung'uza kunalipobe. Ndinaimasula n'kuigwira m'manja ikuyenda: zii. Ndiye kuti chinkalira ndi chitsulo cha bokosi la kompyuta, chomwe chinkanjenjemera limodzi ndi pampuyo. Ndinaikhazika pa siponji yokhuthala, masikuluwu n'kuwaveka timphira, ndipo paipi yolimba yotuluka pa pampu ndinaisintha ndi yofewa. Paipi yolimba imapititsa kunjenjemera ku bokosi ngakhale pansi mutayala bwanji.

Kunatsala kuthetheka kwa mpweya wotsekeredwa m'madzi. Reservoir (thanki yaing'ono yosungira madzi) ndinaikweza pamwamba pa pampu, chifukwa pampu zimenezi siziyenera kuyenda zouma. Madziwo ndi amene amatereretsa bearing, pomwe pamazungulira chopopera cha mkati mwa pampu. Kenako ndinapendeketsa bokosi uku ndi uku, ndikuzimitsa ndi kuyatsa pampu, mpaka thovu lonse linakwera.

Mu BIOS (momwe umasinthira makonzedwe a kompyuta ikamayaka) ndinatsitsa liwiro la pampu kuchoka cha m'ma 4800 RPM (maulendo ozungulira pa miniti) kufika pafupifupi theka lake, n'kulisiya losasinthasintha. Kutentha kwa CPU kunangokwera pang'ono chabe.